Malaya Oyankhula: Kodi Mawuwo Ngayani?

Munthu woyenda mumzinda wa Zomba masiku ano amawerenga ngakhale asakufuna. Kuchokera padepoti ya mabasi, kudutsa mumsika waukulu, mpaka kukafika ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino, zifuwa ndi misana ya anthu zadzaza malembo. Pali mayina a matimu a mpira, mavesi a m'Baibulo, nkhope za atsogoleri a zipani, mauthenga a mabungwe a zaumoyo, ndiponso mawu ena a Chingerezi oti munthu waulemu wake sangawatanthauzire pamaso pa apongozi ake. Mawu a mtundu wotsirizawu ndiwo autsa mkangano pakati pa akuluakulu ndi achinyamata. Akuluakulu amati chovala chimaulula za mumtima, kotero kuti mnyamata wovala malaya otukwana ndi wotukwana ndithu, ndipo mtsikana wovala mawu odzitsatsa wadzitsatsa. Achinyamata amangoyankha kuti awa ndi malaya chabe, munthu asaweruzidwe chifukwa cha nsalu.

Ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zafulumira kugamula mlandu mboni zisanayankhule. Chida chothandiza pankhaniyi muli nacho kale inu ophunzira, chifukwa mumachigwiritsa ntchito m'phunziro la Chichewa. Posanthula ndakatulo mumaphunzitsidwa kusiyanitsa mlakatuli ndi woyankhula m'ndakatulomo. Mlakatuli wamwamuna angathe kulemba ndakatulo imene wolira m'menemo ndi mayi wamasiye, ndipo wophunzira amene angalembe pamayeso kuti mlakatuliyo adaferedwa mwamuna walephera funsolo. Malaya a malembo nawonso ndi cholembedwa. Pali amene adapeka mawuwo, pali amene akuwasenza pachifuwa, ndiponso pali owerenga. Zakuti malaya amayankhula palibe angatsutse. Chovuta ndi kudziwa kuti mawuwo ngayani, ndipo yankho lake limasintha malinga ndi mmene malayawo adafikira pathupi la wovalayo.

Tiyambire pamulu wa kaunjika, pakuti malaya ambiri a mawu odabwitsa amachokera pamenepo. Zovala zimenezi zimafika m'dziko muno m'mabelo othinitsidwa ndi makina, kuchokera ku Ulaya, ku America ndi kumaiko ena akutali. Ife timazitcha kaunjika chifukwa zimagulitsidwa zitaunjikidwa pansi. Anzathu a ku Zambia amati salaula, kutanthauza kusankha mofukula mulu. Tisheti iliyonse m'belomo ili ndi mbiri yake. Ina idasindikizidwa pokumbukira mpikisano wothamanga wa m'katauni kena, ina idali ya antchito a m'sitolo, ina adaipangitsa ndi ophunzira a kukoleji patsiku la phwando la mowa, ndipo nthabwala yake yolaula ankaimva ndi eni phwandolo okha. Ikawoloka nyanja, nthabwala ija imatsala tsidya, kuno kumangofika nsalu. Mayi wogula pamsika wa Zomba amaikweza m'mwamba, nayang'ana ngati khosi lake silidatambasuke, ngati misoko ili yolimba, ngati nsaluyo ingapirire kuchapidwa pamwala mumtsinje wa Likangala. Kenaka amanenerera mtengo. Malembowo kwa iye ali ngati maluwa a pachitenje.

Wofuna kuona zotsatira zake akwere m'mamawa msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe. Adzakumana ndi amayi otsika phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, abambo olimbana ndi njinga zolemedwa ndi mitengo, ndi anyamata ogulitsa sitiroberi, mbatata ya kachewere ndi miyala yonyezimira kwa alendo. Nsonga ya phiri la Zomba ndi yotalika mamita opitirira 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu cha kumeneko sichiseka ndi munthu. Aliyense amavala chimene chingamufunditse. Motero si zachilendo kuona agogo aakazi atavala juzi yolengeza kuti iwo ndi katswiri wa nkhonya, kapena kamtsikana kosenza nkhuni katavala mawu oitana amuna. Mlendo wochokera kunja amawerenga, naseka, najambula chithunzi choti akaonetse anzake kwawo. Kodi pamenepa waululika ndani? Za mtima wa agogowo sitinamvepo kanthu. Tamva za mtima wa amene adapeka mawuwo, ndiponso za mtima wa amene akusekayo.

Komabe juzi ya agogowo siili chete. Ikunena za usiwa. Ikunena kuti dziko lolima thonje ku Balaka, ku Salima ndi kuchigwa cha Shire limavala zimene ena adatopa nazo. Fakitale ya David Whitehead and Sons ya ku Blantyre, imene kwa zaka zambiri inkaveka Amalawi nsalu za thonje lawolawo, idafooka m'zaka za m'ma 1990 pamene msika udatsekulidwa kwa katundu wakunja, ndipo idagulitsidwa m'chaka cha 2003. Uthenga umenewu ngwoona, koma mwini wake ndi dziko lonse.

Mwana wamng'ono ali ngati agogo aja, pakuti amavala chimene wavekedwa. Chitsanzo chodziwika chidachitika kunja kwa dziko lino. M'Januwale 2018 kampani ya zovala ya H&M ya ku Sweden idatsatsa juzi yobiriwira yolembedwa mawu otcha wovalayo nyani wopambana onse m'nkhalango, ndipo pachithunzi chotsatsira idaveka juziyo kamnyamata kachikuda. Anthu m'maiko ambiri adapsa mtima pokumbukira kuti atsankho akhala akuyerekeza anthu akuda ndi anyani. Kampaniyo idapepesa ndi kuchotsa juziyo pamsika, komabe ku South Africa otsatira chipani cha EFF adalowa m'masitolo ake ku Johannesburg ndi madera oyandikira nagwetsa katundu. Aliyense adaona kuti mawuwo sadali a kamnyamatako, ndipo mlandu udapita kwa amene adalemba ndi amene adaveka.

Koma inu a Folomu 3 ndi Folomu 4, musathamangire kubisala kumbuyo kwa agogo a kuphiri. Chishango chawo si chanu. Mwakhala mukuphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, ndipo chaka chino kapena chamawa mulemba mayeso a MSCE m'chiyankhulo chomwecho. Mukawerama pamulu wa matisheti 50 n'kutulutsapo imodzi yonyoza atsikana, kapena yotamanda chamba, kapena ya chala chotukwana, ndiye kuti mwaiwerenga, mwaimvetsa, ndipo mwasiya ena 49. Zoona, mawuwo simudapeke ndinu. Ngakhale wolakatula ndakatulo pamsonkhano wa m'mawa kusukulu kawirikawiri sakhala kuti adailemba yekha, koma mphunzitsi wamkulu akamva zolaula amaitana iyeyo kuofesi, chifukwa ndiye adaisankha ndi kuipatsa liwu. Kalata angakulembereni wina, koma mukasaina pansi pake yasanduka yanu.

Ambiri amadziteteza ponena kuti ndi nthabwala chabe. Ife Amalawi nthabwala timaidziwa, ndipo ina imakhala yaukali kwabasi. Asuweni amanyozana mpaka wosadziwa angaganize kuti pali udani. Adzukulu pamaliro amayankhula zoseketsa anamfedwa ali m'misozi, ndipo palibe amawaletsa. Koma nthabwala zonsezi zili ndi eni ake, malo ake ndi nthawi yake. Msuweni wanu uja akaona amalume akubwera amasintha nkhani. Pakamwa pamatsekeka, pomwe tisheti ilibe chitseko. Mawu amene mudafuna kuseketsa nawo anzanu atatu akunenedwanso kwa a shehe otuluka mumzikiti, kwa mayi wa Mvano amene mwakhala naye mpando umodzi m'minibasi, kwa wodwala amene ali pamzere kuchipatala, ndi kwa mwana wa Sitandade 4 amene wangodziwa kumene kulumikiza malembo a Chingerezi ndipo akufunsa amayi ake mokweza kuti mawu awo akutanthauzanji.

Pamenepa akuluakulu akunena zoona, ngakhale kuti nawonso amaphonya pang'ono. Sikuti aliyense wovala tsamba la chamba pachifuwa amasuta chamba. M'zaka zanga za uphunzitsi, patsiku limene ophunzira ankaloledwa kubwera ndi zovala za kunyumba, ndinkaona kuti malaya aukali kwambiri nthawi zambiri ankavala ndi anyamata ofatsa, amene m'kalasi ankalephera ngakhale kukweza mkono. Malayawo ankabangula m'malo mwa eni ake. Chovala chotere sichitiuza zochita za munthu. Chimatiuza chimene iye akulakalaka kuti anthu azimuganizira, ndiponso kuti pofuna kuopedwa kapena kuseketsa sadasamale za amene angapwetekedwe panjira. Mnyamata wovala mawu otcha atsikana onse zidole mwina sadakhudzepo mtsikana aliyense. Komabe mtsikana wokhala naye desiki imodzi wauzidwa kanthu, ndipo ali ndi ufulu wokasunga mumtima.

Monga munthu amene ndidaphunzitsa za zolembalemba, chimene chimandigwetsa ulesi kwambiri pa malaya otukwanawa ndi umphawi wa luso lake. Makolo athu ankadziwa kubaya ndi mawu popanda kutulutsa magazi. Amayi posinja pamtondo ankaimba nyimbo zodandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta osatchula dzina, ndipo mwini nkhani ankamva ali khale pakhonde. Wina ankapatsa galu wake dzina loyankha anansi amiseche, n'kumamuitana mokweza madzulo alionse. Kugombe la kuvuma kwa Afrika, ku Zanzibar, Mombasa ndi Dar es Salaam, amayi amavala nsalu yotchedwa kanga, imene m'mphepete mwake mumasindikizidwa mwambi kapena chining'a cha Chiswahili. Mayi amasankha kanga ya tsikulo monga mmene mlakatuli amasankhira mzere, ndipo mkazi mnzake akaiwerenga amadziwa kuti muvi walunjika kwa iye, koma alibe pogwira poti akasume. Kumeneko ndiko kuphiphiritsa, ndipo kumafuna nzeru. Chitukwano chamaliseche cha m'chiyankhulo chobwereka chimangofuna ndalama yogulira.

Tsono wina anganene kuti ngati zili choncho boma lingoletsa zovala zoterezi. Anthu a msinkhu wanga timachita nthumanzi tikamva mawu amenewa, chifukwa tidakhalapo m'dziko limene boma linkawerenga zovala za anthu. M'chaka cha 1973, Zomba akadali likulu la dziko, Nyumba ya Malamulo imene inkakumana mumzinda uno idakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo. Amuna nawonso ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanaloledwe kulowa m'dziko. Maganizo a lamulolo adali omwe aja akuti chovala chimaulula khalidwe, tsono tikakonza chovala takonza khalidwe. Lamuloli lidakhala zaka 20, mpaka lidathetsedwa kumapeto kwa chaka cha 1993.

M'nthawi yomweyo chovala choyankhula kwambiri m'Malawi chidali nsalu ya Mbumba, yokhala ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda. Amayi zikwizikwi ankaivala povina pamisonkhano, abambo ankabaya baji ya nkhope yomweyo pajekete, ndipo anyamata a Youth League, ovala malaya ofiira, ankaima pazipata za misika kufunsa khadi la chipani. Mlendo woona khamu limenelo akadalumbira kuti dziko lonse lili ndi mtima umodzi. Ndithudi ambiri ankaivala nsaluyo ndi chikondi chenicheni, ndipo ena akuisungabe m'sutikesi mpaka lero. Koma poti kukana kuivala kudali kudziputira mavuto, padalibe njira yosiyanitsira wokonda ndi wamantha. Yankho lidadziwika pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu, pamene anthu adapatsidwa mwayi wosankha mobisika pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ovota adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Chiwerengero chimenechi sichikadakwana popanda amayi ambiri amene m'nyumba zawo mudali nsalu ya Mbumba yopindidwa bwino. Nsalu inkanena china, dzanja m'kachipinda kovotera lidanena china.

Ufulu wa zipani utabwera, vutoli lidangosintha nkhope. Kuyambira chisankho cha pa 17 Meyi 1994, chimene a Bakili Muluzi a UDF adapambana, zipani zakhala zikugawa zitenje ndi matisheti mwaulere: zachikasu za UDF, za tambala za MCP, ndipo m'zaka zotsatira zabuluu za DPP ndi za mtundu wa lalanje za PP. Kumudzi mayi mmodzi angathe kukhala nazo zonse zinayi. China amaberekera mwana, china amapita nacho kudimba, china adachisandutsa katani ya pakhomo. Iye sadanamize aliyense, adangolandira nsalu. Andale amene amawerenga mavoti poona kuchuluka kwa matisheti pamsonkhano akhala akudzidzimuka tsiku lolengeza zotsatira. Choopsa n'chakuti panthawi ya kampeni munthu angathe kumenyedwa chifukwa chodutsa pamalo ena atavala mtundu wosakondedwa pamalopo, pomwe mwina iye adangofuna chofunda.

Nanga ndi liti pamene tingakhulupirire chovala? Taganizani za mayi wa Mvano uja. Bulauzi yake yoyera ndi duku loyera sadazitole pamulu; adazivala atavomera udindo pamaso pa mpingo, ndipo akapezeka akutukwanizana pachitsime anthu amayamba kutchula yunifolomuyo asanatchule dzina lake. Wokonda timu ya Bullets amene wakhala ndi malaya ake ofiira pakati pa otsatira Wanderers nayenso akudziwa chimene akuchita. Mawu a pachovala amalemera pamene wovalayo akudziwa kuti angathe kulipira nawo.

Chaka cha 2011 chidaonetsa zimenezi, ndipo chimodzi mwa zikuni zoyamba za motowo chidayaka mu Zomba muno. Pa 12 Febuluwale mkulu wa apolisi m'dziko, a Peter Mukhito, adaitana Dr. Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale pa Chancellor College, sukulu ya ku Chirunga imene tsopano ndiyo University of Malawi. Adawafunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, cholumikiza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi kuukira kwa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzawo adaleka kuphunzitsa ponena kuti sangagwire ntchito m'kalasi muli akazitape, ndipo mkanganowo udatenga miyezi isanu ndi itatu. Pa 20 Julayi chaka chomwecho, anthu m'mizinda ya dziko lino adachita zionetsero zotsutsa boma la a Bingu wa Mutharika atavala zofiira, ndipo anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Tsiku limenelo malaya ofiira, ngakhale opanda lembo ndi limodzi lomwe, adanena zambiri za wowavala kuposa tisheti iliyonse yotukwana ya pakaunjika, chifukwa munthu potuluka nawo m'nyumba ankadziwa kuti apolisi amuona. Ndipo mtundu womwewu ndi umene zaka 20 m'mbuyomo unkachititsa anthu kupisa m'thumba mwamantha kufunafuna khadi pachipata cha msika.

Koma mawu a pachovala amene ine ndimawayesa opambana onse m'mbiri yathu adalembedwa m'Chichewa, patangopita miyezi isanu ndi umodzi. M'Januwale 2012 magulu a anyamata, ambiri mwa iwo ogulitsa malonda m'misewu, adayamba kuvula ndi kumenya amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre, ponena kuti kavalidweko n'kosemphana ndi chikhalidwe. Lamulo la 1973 lidali litafa zaka 18 m'mbuyomo, koma mzukwa wake udali ukuyendabe. Pa 20 Januwale khamu la amayi ndi abambo lidasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo pakati pawo padali Mayi Joyce Banda, amene panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ambiri adavala mabuluku ndi matisheti oyera, ndipo ena mwa matishetiwo adalembedwa kuti, "Venda, ndikugule, undivulenso?"

Tiyeni tiwasanthule mawu atatuwa monga tichitira ndi ndakatulo. Loyamba likuitana munthu ndi dzina la ntchito yake, kotero kuti woyankhulidwayo sangathe kunamizira kuti akunena wina. Awiri otsatirawo aimika aneni awiri maso ndi maso, kugula ndi kuvula, amene amasiyana lembo limodzi lokha, koma wina ngwodyetsa banja la venda pomwe wina ngwochotsa ulemu wa mayi. Mgwirizano wa maliwu umenewu umachititsa kuti mawuwo akanirire m'mutu ngati nyimbo. Kachidutswa kakumapeto, ka -nso, ndiko kasenza mkwiyo wonse: ndakudyetsa kale, ndipo pamwamba pa zimenezo undichite chipongwe? Lonselo ndi funso lachodziwadziwa, losadikira yankho, ndipo m'kati mwake mwabisala chenjezo lakuti wogula angathe kuleka kugula. Mulibe chitukwano ngakhale chimodzi, komabe mawuwa adaluma kuposa zitukwano zonse za m'belo. Adali m'chiyankhulo chimene venda, wapolisi ndi agogo osenza nkhuni akadamva onse. Ndipo woyankhula ndi wovala adali munthu mmodzi, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhani ya 2012 ikutionetsanso kumene maganizo a akuluakulu aja angatifikitse akasowa malire. Anyamata amene ankavula amayi nawonso ankanena kuti chovala chimapereka uthenga, ndipo iwo akungouyankha. Chodabwitsa n'chakuti mabuluku ambiri otere amagulidwa kwa mavenda omwewo. Kuwerenga chovala cha mnzanu ndi ufulu wanu. Mungathe kunyansidwa nacho, kumudzudzula, kapena kukana kuti azifika pakhomo panu kudzacheza ndi mlongo wanu. Koma malembo, ngakhale oipa chotani, sapereka chilolezo choti manja anu afike pathupi pake. Mtsikana wovala mawu opusa wavala mawu opusa, basi. Sadavomere kugwiridwa, kuimbiridwa malikhweru kapena kung'ambiridwa malaya padepoti. Gawo 35 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake. Ufuluwo uli ndi malire, koma oika malirewo ndi malamulo ndi makhoti, osati gulu la anyamata pamsika. Sukulu, tchalitchi ndi mzikiti zili ndi malamulo ake a kavalidwe, ndipo mphunzitsi wamkulu akakubwezani pachipata kuti mukasinthe tisheti, mumapita kunyumba malaya anu ali athunthu, thupi lanu lisadakhudzidwe. Kusiyana kwa iye ndi anyamata a 2012 kuli pamenepo.

Masiku ano pali chinthu china chimene ife paunyamata wathu tidalibe. M'tauni muno muli timashopu tosindikiza patisheti mawu alionse amene munthu angafune. Makwaya, magulu a banki m'khonde, mabanja okonzekera ukwati, onse amasindikiza awo. Ophunzira a Folomu 4 m'sukulu zambiri nawonso amasonkherana ndalama kuti apangitse malaya otsazikira sukulu, ndipo komiti imakhala pansi kukangana za mawu oti alembedwe kumsana. Apa palibe mlembi wa kutsidya kwa nyanja woti timuloze chala, palibenso chipani chogawa. Wopeka, wosankha ndi wovala ndi inu nomwe. Ndaonapo ena olembedwa mwaluso m'Chichewa, ena ongokopera mawu a oimba akunja, ndi ena odzitama mopeputsa anzawo amene sadafike Folomu 4. Tisheti yotere imakhalitsa kuposa chisangalalo cha kumaliza mayeso. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mwini wake adzatopa nayo, nadzaipereka kwa mng'ono wake wa kumudzi kapena kwa mayi wothandiza ntchito zapakhomo, ndipo m'mamawa wina wa Julayi idzatsika msewu wa Ku Chawe pansi pa mtolo wa nkhuni, itavalidwa ndi munthu amene sadakhale nawo pamsonkhano wa komiti uja.